Usiku umene magetsi anazima: kodi mtendere uja unali wa Mulungu?

Funso: Abusa, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Dedza. Chaka chino sichinatikomere. Mayi anga anamwalira mu Febuluwale, abambo akunyumba ntchito inawathera, ndipo kumunda tinangopata matumba asanu ndi limodzi. Tsiku lina mu Julayi magetsi anazima madzulo, mafoni onse anali atatha moto, ndiye tinangokhala mozungulira mbaula tikuwotcha mbatata. Kunali zii. Mwana wamng'ono anagona pamiyendo pa bambo ake. Mwadzidzidzi mtima wanga unadzaza ndi kuthokoza Mulungu mpaka misozi inatuluka. Mawa lake ndinaitana onse kuti tiyambe mapemphero a banja tsiku ndi tsiku, koma ana ankangoyasamula ndipo mtendere uja sunabwerenso. Kodi chija chinali chikhulupiriro kapena maganizo anga chabe? Nanga si kulakwa kumva kukoma chotero maliro a mayi anga asanathe ndi chaka chomwe?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi kukupepesani. Imfa ya mayi siona msinkhu. Ngakhale munthu amene ali ndi ana akeake amasanduka wamasiye tsiku limenelo, ndipo miyezi isanu ndi dzulodzulo lomweli.

Kalata yanu ndaiwerenga kangapo, ndipo mawu amene andigwira mtima ndi aja akuti "kunali zii". Ndikuona kuti mwafulumira kuchoka pa usiku woyamba n'kuthamangira wachiwiri umene unakukhumudwitsani, chonsecho mayankho a mafunso anu ali mu woyambawo. Tiyeni tibwererenso pa mbaula paja tione bwino zimene zinachitika.

Julayi wa ku Dedza amadziwika dziko lonse. Boma lanulo lili pamtunda kwambiri, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye chisanu chikafika ku Salima chitafooka kale, kwanuko chimakhala chidakali ndi mano. Isanakwane 6 koloko kunja kwada. M'miyezi yotentha banja limamwazika: mnyamata ali ku mpira, bambo ali pa bawo kapena pamsika, mayi ali kwa anzake, ndipo aliyense amalowa m'nyumba nthawi yakeyake. Kuzizira kumawakusa onsewa n'kuwaika malo amodzi. Komanso ino ndi nyengo imene khasu lapuma. Zokolola zalowa m'nyumba, kusosa sikunayambe, kupalira ndi kubandira kudakali kutali. Makolo athu ankaidziwa nyengo imeneyi. Ndi nthawi imene agogo ankakhala pansi n'kunena kuti "Padangokhala", ana onse n'kuyankha kuti "Tili tonse". Ine ndinakulira kwa agogo anga ku Ntcheu, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la mbatata yopsa m'phulusa ndimamvanso mawu awiri amenewo. Taonani tanthauzo lake. Nthano siinkayamba mpaka aliyense atavomera kuti alipo. Usiku uja m'nyumba mwanu, kwa nthawi yoyamba mwina patapita miyezi yambiri, munali nonse. Thupi la aliyense linali pamenepo, maso ndi makutu omwe, chifukwa panalibe foni yokokera munthu ku Johannesburg iye ali pa mkeka ku Dedza.

Zimenezi anthu ophunzira anazifufuzapo. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Polly Wiessner, anakhala zaka zambiri pakati pa anthu a mtundu wa Ju/'hoansi ku Botswana ndi ku Namibia, akulemba zimene amakambirana. Mu 2014 anasindikiza zimene anapeza. Masana nkhani zawo zambiri zinali madandaulo, kudzudzulana ndi za kapezedwe ka chakudya. Koma usiku akakhala pamoto, nkhani 81 pa 100 zilizonse zinali zosimba za anthu, za abale akutali ndi za amene anapita kale. Anthu omwewo, mavuto omwewo, koma moto ndi mdima zinkasintha zotuluka m'kamwa mwawo. Sindikudabwa nazo. Kuwala kwa moto sikuonetsa ming'alu ya khoma kapena nsapato yong'ambika ya mwana wa sukulu. Kumangoonetsa nkhope.

Mwina pano mukuti: ndiye abusa mwavomera kuti anali maganizo chabe, zochita za moto ndi mdima. Ayi. Funso lanu lagawa pakati chinthu chimene Malemba sagawa. Mulungu amene analenga mtima wanu ndi yemwenso analenga Julayi, ndipo sachita manyazi kugwiritsa ntchito mbaula. Mneneri Eliya atathawira kuphiri la Horebu, atatopa mpaka kupempha imfa, kunadza mphepo yong'amba mapiri, kunadza chivomezi, kunadza moto, koma Yehova sanali m'zimenezo. Pambuyo pake kunali bata la kamphepo kayaziyazi, ndipo m'menemo ndi mmene Eliya anafunda nkhope yake. Nkhaniyi ili pa 1 Mafumu 19. Ife Akhristu a masiku ano tazolowera kufuna Mulungu m'zimkuzamawu ndi m'misonkhano ya usiku wonse, mwakuti akabwera mwakachetechete timamukayikira. Ndikunena izi ngati m'busa amene amagwiritsanso ntchito chimkuzamawu Lamulungu lililonse, ndipo zimandidetsa nkhawa kuti tikulera ana osadziwa kukhala chete pamaso pa Mulungu ngakhale mphindi ziwiri.

Chondithandiza kusiyanitsa kukoma kwa mumtima ndi chikhulupiriro ndi nkhani ya akhate khumi pa Luka 17. Onse khumi anachira, ndipo sindikukayika kuti onse khumi anasangalala, mwina mpaka misozi. Koma mmodzi yekha, Msamariya, ndiye anatembenuka n'kubwerera kwa amene anamuchiritsa. Kwa iyeyo ndi kumene Yesu ananena kuti chikhulupiriro chako chakupulumutsa. Chimwemwe anali nacho onse. Chimene chinasiyanitsa mmodziyo n'chakuti chimwemwe chake chinadziwa koti chipite. Inu simunalembe kuti "ndinamva bwino". Mwalemba kuti mtima wanu unadzaza ndi kuthokoza Mulungu. Munatembenuka, mayi. Ndipo munatembenuka m'chaka chimene muli ndi zifukwa zitatu zomveka zoti musatembenuke. Ngati chimenecho si chikhulupiriro, ine sindidziwa china.

Tsopano za usiku wachiwiri. Cholinga chanu chinali chabwino, ndipo musadziimbe mlandu. Koma munachita zimene ana a Israele anachita ndi mana m'chipululu: ena anasunga a lero kuti adye mawa, m'mawa n'kupeza agwa mphutsi. Mphatso ya usiku uja inali ya usiku umenewo. Munafuna kuigwira ndi lamulo, pomwe inabwera popanda lamulo. Ndiyerekeze mmene zinayendera, mundikhululukire ngati ndaphonya. Magetsi anali atayaka, wina anali pakati pa kucheza pa WhatsApp, munaitana ndi mawu a "tabwerani kuno nonse", munawerenga chaputala chonse, kenaka munapemphera pemphero lalitali mukudikira kuti chija chibwerenso. Ana anaona msonkhano. Dzulo lake sanaone msonkhano, anaona mbatata.

Pali malo awiri okha mu Uthenga wa Yohane pamene patchulidwa moto wamakala, ndipo ndimakonda kuwawerenga pamodzi. Poyamba ndi pa mutu 18, m'bwalo la mkulu wa ansembe. Yohane akunena kuti kunali kuzizira, akapolo ndi asilikali anasonkha moto wamakala, Petro naye anaima nawo n'kumawotha. Pamoto umenewo ndi pamene anakana Mbuye wake. Kachiwiri ndi pa mutu 21, m'mbali mwa nyanja ya Tiberiya. Ophunzira agwira ntchito usiku wonse, afika kumtunda, apeza moto wamakala, pali nsomba ndi mkate. Amene wausonkha ndi Yesu. Ali ndi nkhani yaikulu yoti akambe ndi Petro, koma sayamba ndi nkhaniyo. Ayamba ndi kuwaitana kuti adzadye. Atatha kudya m'pamene afunsa kuti, Simoni, kodi undikonda? Mbuye wathu anadziwa kuti munthu wozizidwa, wanjala ndi wamanyazi sayankha funso la mumtima. Anayamba wamufunditsa, n'kumudyetsa.

Nkhani imeneyi yandikumbutsa abambo akunyumba kwanu, ndipo ndikufuna ndiimepo pang'ono ngakhale simunandifunse za iwo. Mwamuna ntchito ikamuthera, chimene chimamudya kwambiri si njala koma manyazi. Masana onse amadziona ngati munthu wolephera: ana akapempha ndalama ya mayeso, mwininyumba akagogoda, anzake akamufunsa kuti zikuyenda bwanji. Ambiri sanena, amangokhala duu, ena amathawira ku mowa. Koma mwalemba kuti mwana anagona pamiyendo pawo. Mwana sagona pamiyendo pa munthu chifukwa cha malipiro a pamwezi. Usiku uja bamboyo anali bambo basi, ndipo ndikukhulupirira kuti mwa zimene maso anu anaona n'kuyamba kulengeza misozi, chachikulu chinali chimenecho. Kodi munawauza? Ngati simunawauze, auzeni, muli awiri, mwachidule: "Tsiku lija mwana atagona pamiyendo panu ndinathokoza Mulungu chifukwa cha inu." Mwina sadzayankha kanthu. Mawuwo adzagonera. Ndipo mukaona kuti akhala milungu ingapo osagona tulo, osafuna kudya, osafuna kuonana ndi anthu, kapena ayamba kulankhula zoti bola kufa, musazitenge ngati nkhani ya pemphero lokha. Pitani nawo kuchipatala, ndipo uzani mbale wawo amene amamumvera.

Nanga mapemphero a banja muwasiye? Ayi ndithu. Koma asinthe maonekedwe. Pa Deuteronomo 6, Mose polamula makolo kuphunzitsa ana mawu a Mulungu sanatchule msonkhano. Anati muziwalankhula pokhala pansi m'nyumba zanu, poyenda panjira, pogona ndi pouka. Ndiye kuti mawuwo azilowa m'zimene banja likuchita kale. Mtendere uja simungaulamule kuti ubwere, koma mungaukonzere malo, monga mmene timasesera pabwalo ndi kuyala mphasa ngakhale sitikudziwa ngati mlendo afike lero. Sankhani madzulo amodzi kapena awiri pa sabata, osati asanu ndi awiri. Mafoni onse, kuyambira yanu ndi ya bambo, alowe m'lichero. Zimitsani nokha getsi ngati layaka. Pakhale chotafuna, kaya mbatata, kaya mtedza wokazinga, kaya chinangwa, kaya tiyi wopanda mkaka. Musalengeze kuti tsopano tiyamba. Lolani kuti anthu adye, aseke, akangane za mpira, mwana aponye ndagi yake. Bata likafika, musalithamangitse ndi mawu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pofunsa ana, pewani funso lakuti "ukuthokoza Mulungu chifukwa cha chiyani?" Mwana wa Sande sukulu ali nalo kale yankho loloweza: moyo, chakudya, makolo. Akanena zimenezo mtima wake sunagwedezeke n'komwe. Mufunseni kuti, "Lero ndani wakuchitira chabwino?" Pamenepo ayenera kuganiza. Adzatchula mnzake amene anamubwereka cholembera, kapena aphunzitsi amene sanamukwapule atachedwa, kapena mayi wa pachigayo amene anamusenzetsa ufa. Kuyamika kwenikweni kumakhala ndi dzina, malo ndi nthawi. N'chifukwa chake Salimo 103 silingoti lemekeza Yehova n'kuthera pomwepo. Limati usaiwale zokoma zake, kenaka n'kuyamba kuzitchula chimodzichimodzi. Mdani wa kuyamika si mavuto koma kuiwala. Akatswiri awiri a za maganizo ku America, Robert Emmons ndi Michael McCullough, anayesapo zimenezi ndipo anasindikiza zotsatira mu 2003. Gulu lina la anthu linkalemba zinthu zisanu zoyamikira kamodzi pa sabata, lina linkalemba zinthu zisanu zowasowetsa mtendere. Patapita masabata khumi, a gulu loyamba ankaona moyo wawo bwino ndiponso anali ndi chiyembekezo kuposa anzawo aja. Onani kuti kunali kamodzi pa sabata, ndipo zinali zinthu zotchulidwa maina.

Pemphero lenilenilo likhale lalifupi, loti mbatata isazizire. Tsiku lina apemphere mwana, ngakhale atangonena ziganizo ziwiri. Ndipo chonde, mayi, pemphero lisasanduke bwalo la milandu. Ndamvapo makolo ambiri akupemphera kuti "Ambuye, thandizani mwana uyu asiye ulesi ndi mwano", mwanayo ali pomwepo maso ali otseka. Kumeneko ndi kukalipa kovala jekete la pemphero, ndipo mwana amene wachitiridwa zimenezi amadana ndi mapemphero a banja mpaka kukula. Ngati pali mlandu, ukambidwe masana.

Ndafika pa funso lanu lomaliza, limene ndikuganiza kuti ndi limene linakulembetsani kalatayi. Mukuopa kuti pomva kukoma mwawachimwira mayi anu, ngati kuti mwawaiwala msanga. Mwambo wathu uli ndi nzeru pa nkhani ya maliro. Umatipatsa nthawi yokhuza, yometa, yodzamanga chiliza, ndipo suthamangitsa munthu. Koma palibe mwambo umene umati wamasiye asamve kutentha kwa moto kapena asakondwe poona ana ake ali moyo. Ndipo ndikufunseni: ndani anakuphunzitsani kukwirira mbatata kuti ipse bwino osapserera? Ndani anakuphunzitsani kutchula dzina la Mulungu? Ndikukayika ngati misozi ija inali ya chimwemwe chokha. Ndikuganiza kuti mayi anu anali m'misozi imeneyo, ndipo mwa zimene munkathokoza osazitchula, iwo anali oyamba.

Pa Yohane 11 Yesu waima pa manda a bwenzi lake Lazaro. Vesi 35 ikuti Yesu analira. Mavesi asanu ndi limodzi okha kutsogolo, pa vesi 41, wakweza maso kumwamba akuyamika Atate. Manda omwewo, ola lomwelo, masaya asanaume. Mneneri Habakuku naye anatseka buku lake ndi mawu amene mlimi aliyense wa ku Dedza angawamve: ngakhale mkuyu usaphuke, ngakhale m'minda musakhale chakudya, ngakhale m'khola musakhale ng'ombe, iye adzakondwerabe mwa Yehova. Sanabise kuti m'munda mulibe kanthu. Anawerenga zotayika zonse poyera, kenaka n'kuyamika. Ifenso Amalawi timazidziwa zimenezi, kungoti timazilemba m'maina a ana. M'nyumba imodzi mumapezeka Mavuto ndi Thokozani, Chisoni ndi Mayamiko, obadwa kwa mayi mmodzi, odyera mbale imodzi. Palibe amene amati Thokozani achoke chifukwa Mavuto alipo.

Chimene sindikufuna ndi chakuti mutenge kuyamika ngati chivundikiro. Pali chiphunzitso chimene chafala chakuti Mkhristu asanene kuti zinthu zavuta, azingoti zonse zili bwino. Chimenecho chimadwalitsa anthu. Matumba asanu ndi limodzi pa banja la anthu asanu sangakufikitseni ku zokolola zina, ndipo inu mukudziwa. Kuthokoza chifukwa cha matumba amenewo kuyende pamodzi ndi kukhala pansi ndi bambo n'kuwerengera kuti afika mwezi uti, kuti dimba lingakupatseni chiyani chisanafike chilimwe, kuti kachewere kapena kabichi angalowetse zingati, kuti ku banki m'khonde mungatenge zingati osadzimangirira chingwe. Ndaona kuti mabanja amene amatha kuyamikira limodzi ndi amenenso amatha kuwerengera limodzi osanyozana, chifukwa amayamba aona zimene ali nazo asanayambe kulozana zala pa zimene alibe. Amumpingo mwanu, kaya ndi a mphakati, kaya a chigwirizano cha amayi, adziwenso mmene zinthu zilili. Kulandira thandizo si kusowa chikhulupiriro.

Pali chinthu china chimene sindingakhale chete osachinena, popeza ndakulimbikitsani kukhala pa mbaula. Makala akamayaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wapoizoni umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi tulo, ndipo akagona sadzukanso. Nyengo yozizira ino ndi imene mabanja amapezeka atafa m'nyumba chifukwa cha zimenezi. Yatsirani mbaula panja mpaka makala agwire bwino, mukalowetsa siyani zenera kapena chitseko chotsegula pang'ono, ndipo musanagone itulutseni, ngakhale kuzizire chotani. Mwana wamng'ono asakhale yekha pafupi ndi moto, chimodzimodzinso munthu wodwala khunyu. Wina akadandaula mutu muli pamoto, tulukani nonse panja msanga.

Sabata ino musakonze zambiri. Madzulo amodzi, mbatata zikakhala pamoto, auzeni ana nthano imodzi imene mayi anu ankakuuzani muli wamng'ono, ndi kanyimbo kake komwe ngati mukukakumbukira. Auzeni kuti iyi inali ya agogo anu. Yambani ndi "Padangokhala", ndipo dikirani mpaka onse, ndi bambo omwe, ayankhe. Mukafika pakati mawu n'kukanika kutuluka, musadzikakamize kumaliza. Khalani chete, wamkuluyo atembenuze mbatata, mudzaitsiriza sabata yamawa.